Vidiyo mwaikonveta koma ikukanabe: kapezedwe ka vuto ndi kakonzedwe kake

Funso lake limabwera mofanana nthawi zonse: "Achimwene, vidiyo ija ndaikonveta kukhala MP4, koma pa TV ikukanabe." Wina akuti chithunzi chikuoneka koma mawu kulibe. Wina akuti mawu akutsogola, milomo ikutsalira. Winanso fayilo inali 700 MB, yatuluka 3 GB. Mayankho ake ndawabwereza mokwanira, ndiye ndawalemba pano kamodzi n'kamodzi. Tsatani manambala monga alili. Ambiri amathamangira kukonveta, fayilo imodzi n'kuibwereza usiku wonse, pamene vuto likanaoneka pa nambala 1 kapena 2 asanadine batani lililonse.

Khalani ndi mapulogalamu anayi, onse ndi aulere: VLC yoonera, MediaInfo yokuuzani zomwe zili m'kati mwa fayilo, HandBrake yokonvetera podina mabatani, ndi FFmpeg yokonvetera polemba malamulo mu Command Prompt. Muwatenge kumasamba a eni ake, osati kwa aliyense amene wawaika pa intaneti. HandBrake ya pa Windows imafunanso .NET Desktop Runtime, ndiye ikakana kutseguka mutangoiika, yambani mwaika imeneyo. Format Factory imene mumaipeza m'malo ambiri obenera nyimbo ndi mafilimu imagwira ntchito ndithu, kungoti ikalephera kawirikawiri imangoti yalephera, osakuuzani chalakwika. Masamba okonvetera pa intaneti asiyeni pokhapokha kavidiyo kali kakang'ono: bandulo imadyeka kawiri, pokweza ndi potsitsa, ndipo vidiyo ya ukwati wa eni ake mwaipereka kwa anthu osawadziwa.

1. Tsimikizani kaye kuti fayilo yoyambirira ndi yamoyo

Itseguleni mu VLC. Onani poyambira, lumphirani pakati, lumphiraninso mphindi ziwiri zomaliza. VLC imatsegula pafupifupi chilichonse, choncho ikakana, kapena ikaima pakati, vuto si la kukonveta ayi: fayilo ndi yowonongeka kale, ndipo chowonongeka mukachikonveta chimatuluka chowonongeka.

Zifukwa zake zimakhala izi. Kutsitsa sikunathe: dzina likathera ndi .crdownload kapena .part, kapena kukula kwake kukachepera kwa fayilo ya komwe mwaitenga, itsitseninso. Flash inazulidwa isanamalize kukopera. Kapena flash yeniyeniyo ndi yabodza, yolembedwa 64 GB pomwe m'kati muli malo ochepa kwambiri. Flash yotere imalandira mafayilo bwinobwino, mayina ndi kukula kwake zimaoneka zolondola, koma zonse zopyola malo ake enieni zimakhala zinyalala. Chizindikiro chake n'chakuti mafilimu oyamba kukopedwa akuonetsa, omaliza onse akukana. Iyeseni ndi kapulogalamu kaulere ka H2testw, kamene kamadzaza flash yonse n'kuwerenganso zomwe kalemba.

Uthenga wakuti "moov atom not found" ndi wowawa kwa ojambula maukwati ndi makwaya. Fayilo ya MP4 kapena MOV imakhala ndi kalozera wosonyeza pamene chithunzi chilichonse ndi mawu ake zili, ndipo makamera ambiri amalemba kalozerayu pomaliza penipeni, mukadina batani loimitsa. Batire likatha, magetsi akathima kapena khadi likazulidwa kujambula kuli m'kati, zithunzi zimakhalamo koma kalozera mulibe. HandBrake ndi FFmpeg sizingachite kanthu apa. Yesani pulogalamu ya untrunc: mumaipatsa fayilo yowonongekayo pamodzi ndi ina yabwinobwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo, pa makonzedwe omwewo, ndipo imamanganso kalozera poonera yabwinoyo. Chitani zimenezi pa kope, osati pa fayilo yeniyeni. Amene mumajambula mapemphero kapena misonkhano ndi pulogalamu yojambulira ya OBS pa kompyuta, jambulirani mu MKV, chifukwa MKV magetsi akathima imasunga zonse zomwe zinajambulidwa kufika pamenepo.

Chenjezo lina: uzani Windows kuti izionetsa mathero a mayina a mafayilo. Chinthu chotchedwa filimu.mp4.exe si filimu, ndi vayirasi. Chimodzimodzi vidiyo imene ikukuuzani kuti mutsitse kaye "codec" inayake kuti muionere.

2. Dziwani zomwe zili m'kati, ndi zomwe chipangizo chanu chimalandira

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangodumpha.

MP4, MKV, AVI, MOV ndi WebM ndi zotengera chabe. Zili ngati thumba lolembedwa kuti feteleza, m'kati mwake mutha kukhala chimanga, mtedza kapena makala. Chimene TV imawerenga kwenikweni ndi codec, kutanthauza njira imene chithunzi kapena mawu zapanikizidwira kuti zichepe. Za chithunzi zodziwika ndi H.264 imene imatchedwanso AVC, H.265 imene imatchedwanso HEVC, VP9, AV1, MPEG-2 ya pa DVD, ndi Xvid kapena DivX zakale. Za mawu ndi AAC, MP3, AC-3, DTS, Opus ndi PCM. Mafayilo awiri onse a MP4, imodzi ikhoza kukhala ndi H.264 ina HEVC, TV n'kulandira yoyambayo, yachiwiri n'kuikana. H.264 inakhazikitsidwa mu 2003, n'chifukwa chake ili paliponse. HEVC inabwera mu 2013, AV1 mu 2018, ndiye TV yakale singazidziwe. Kusintha dzina kuchoka ku .mkv kukhala .mp4 sikusintha chilichonse cha m'kati.

Tsegulani fayilo mu MediaInfo, pitani pa View, sankhani Tree kapena Text. Mizere ndi yambiri, koma yofunika ndi iyi.

Pansi pa Video: Format ikuuzani codec. Format profile ikuuzani kulemera kwake, monga High@L4. Pa H.264, 1080p ya zithunzi 30 pa sekondi imakwana mu L4 kapena L4.1, pomwe ya zithunzi 60 imafuna L4.2, imene ma TV ena akale safikako. Width ndi Height ndi kukula kwa chithunzi. Frame rate mode ikhala Constant kapena Variable, ndipo mukaona Variable kumbukirani, tikumana nayo pa nambala 6. Bit depth ikhala 8 kapena 10. Chroma subsampling iyenera kukhala 4:2:0. Scan type ikhala Progressive kapena Interlaced. Pakakhala mzere wa HDR format, kapena Transfer characteristics ikati HLG kapena PQ, vidiyoyo ndi ya HDR, kutanthauza yosunga kuwala ndi mitundu yochuluka kuposa vidiyo wamba.

Pansi pa Audio: onani Format, onani Channels ngati ndi 2 kapena 6, ndipo werengani kuti zigawo za Audio zilipo zingati. Pansi pa Text ndi pamene pali mawu olembedwa a m'munsi mwa filimu.

Tsopano njira yachidule imene imaposa kuwerenga kabuku ka TV: pezani vidiyo ina imene ikuonetsa kale bwinobwino pa chipangizo chomwecho, chithunzi ndi mawu omwe. Itseguleninso mu MediaInfo, ikani mawindo awiriwo pambalimbali, muyerekeze mzere ndi mzere. Pamene zasiyana, vuto lili pomwepo. Mwachitsanzo, yoonetsayo ikuti AVC, 8 bits, AAC, 2 channels, pamene yokanayo ikuti AVC, 10 bits, AAC, 2 channels. Zonse n'zofanana kupatula chimodzi, ndipo H.264 ya 10 bits ma TV ndi mafoni ambiri saiwerenga ngakhale atakhala atsopano. Mwadziwa chosintha, simukulotanso.

Ngati mulibe vidiyo yoyerekezera, yambirani apa. TV yokhala ndi polowetsa flash, foni ya Android, iPhone ndi WhatsApp zonse zimagwirizana pa MP4 ya H.264, 8 bits, 4:2:0, mawu a AAC a mbali ziwiri. Makina a DVD okhala ndi polowetsa flash ndi nkhani ina: ambiri amafuna AVI ya Xvid kapena DivX, yosapyola 720x576, mawu a MP3. Ngakhale kutsogolo kwake kutalembedwa "MPEG4", sizikutanthauza kuti alandira MP4 ya H.264. Kafoni ka mabatani, kajambulitseni vidiyo ya masekondi angapo ndi kamera yake, muiwerenge mu MediaInfo, mutsanzire zomwezo.

3. Musanakonvete, yesani kungosamutsa

Ngati MediaInfo yaonetsa kuti m'kati muli kale H.264 ya 8 bits ndi AAC, koma chotengera ndi MKV, MOV kapena TS, palibe chifukwa chophikira kompyuta maola awiri. Lembani:

`ffmpeg -i filimu.mkv -c copy filimu.mp4`

Zimatha m'masekondi, ndipo chithunzi sichitsika ngakhale pang'ono, chifukwa sichinakhudzidwe. Kukonveta kwenikweni kulikonse kumadyako ubwino wa chithunzi, ndipo zodyekazo sizibwerera.

Lamuloli likakana ndi uthenga wakuti "Could not find tag for codec", wotsatana ndi "not currently supported in container", ndiye kuti muli chinthu chimene MP4 siinyamula. Werengani dzina la codec limene latchulidwa. Likakhala subrip kapena ass, ndi mawu a m'munsi: onjezerani pa lamulo lija, musanalembe dzina la fayilo yotuluka, `-c:s mov_text` kuti asinthidwe, kapena `-sn` kuti atayidwe. Likakhala pcm_s16le, lomwe limachokera ku makamera ena, sinthani mawu okha: `-c:v copy -c:a aac -b:a 160k`. Vidiyo ya HEVC imene mukufuna kuti itseguke pa iPhone kapena Mac, onjezerani `-tag:v hvc1`, apo ayi ikana ngakhale chipangizocho chimaidziwa HEVC.

4. Konvetani mphindi imodzi yokha, muiyese komwe ikaonetsedwere

Osakonveta filimu yonse musanaone kuti makonzedwe anu akugwira. Mu HandBrake, pamzere wa Range sankhani Seconds, muike kuyambira 0 mpaka 60. Sankhani Fast 720p30 kapena Fast 1080p30. Pa Summary, Format ikhale MP4, muchonge Web Optimized. Pa Video, sankhani H.264 ya x264, osati ija yolembedwa 10-bit, ndipo musankhe Constant Framerate. Pa Audio, AAC ndi Stereo.

Mu FFmpeg zomwezo zili motere:

`ffmpeg -i "ukwati wa asisi.mov" -t 60 -vf scale=-2:720 -r 30 -c:v libx264 -crf 22 -profile:v high -level 4.0 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 128k -ac 2 -movflags +faststart yesero.mp4`

Nambala ya `-r` ifanane ndi ya fayilo yoyambirira: 25 ikhale 25, 30 ikhale 30, ndipo 50 kapena 60 mutha kuidula pakati. Mukakakamiza 30 kukhala 25, zithunzi zina zimatayidwa, anthu n'kumayenda modukiza.

Za makina a DVD, HandBrake sikuthandizani chifukwa inasiya kalekale kutulutsa AVI. Gwiritsani ntchito ili:

`ffmpeg -i filimu.mp4 -t 60 -vf scale=720:-16 -c:v mpeg4 -vtag xvid -q:v 4 -c:a libmp3lame -b:a 128k -ac 2 yesero.avi`

Kachigawo ka `-vtag xvid` musakaiwale, makina ambiri amayang'ana chizindikiro chimenecho asanavomere. Vidiyo ikakhala yoimirira, yojambulidwa ndi foni, ikani `scale=-16:576` m'malo mwake kuti msinkhu usapyole malire.

Ikani yeseroyo pa flash, mupite nayo pa TV kapena DVD yeniyeniyo. Kuonetsa mu VLC si umboni, VLC imadya chilichonse. Zikatheka, chotsani `-t 60` mukonvete yonse.

5. Ikatuluka yolakwika, tsatani chizindikiro

Chithunzi chilipo, mawu kulibe. Nthawi zambiri mawuwo ndi DTS, AC-3, E-AC-3 kapena Opus. Ngakhale ma TV odula amachita zimenezi: a Samsung opangidwa kuyambira 2018 sawerenga DTS. Chithunzi chisiyeni, sinthani mawu okha ndi `-c:v copy -c:a aac -b:a 160k -ac 2`. Ngati filimu ili ndi zigawo zingapo za mawu, FFmpeg imasankha yokha chimodzi, ndipo mutha kupeza anthu akulankhula chinenero china. Sankhani nokha: `-map 0:v:0 -map 0:a:1`. Kuwerenga kumayambira pa 0, ndiye 1 ndi chigawo chachiwiri.

Nyimbo ndi phokoso zikumveka, koma zolankhula zili pansipansi. Mawu ndi a 6 channels, zolankhula zili pa sipika yapakati imene mulibe. `-ac 2` imawasakaniza kukhala a mbali ziwiri. Mawu akumveka sipika imodzi yokha, monga zimachitikira maikolofoni ikalumikizidwa mbali imodzi ya kamera: `-af "pan=stereo|c0=c0|c1=c0"` imakopera kumanzere kupita mbali zonse.

Mawu alipo, sikirini yakuda kapena yobiriwira. Onani HEVC, 10 bits kapena 4:4:4. Pa Windows, manambala 0xc00d5212 ndi 0xc00d36c4 amatuluka pulogalamu yoonera ikalephera kuwerenga fayilo, ndipo kawirikawiri ndi HEVC imene yasowa choiwerengera. iPhone imajambula HEVC kuyambira pa iOS 11 mu 2017. Wojambulayo apite ku Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible, vuto lithere komweko.

Mitundu yasuluka, nkhope zatuwa. Vidiyo inali ya HDR, ndipo yasinthidwa popanda kutsitsa kuwala kwake moyenera. iPhone 12 ndi zotsatira zake zimajambula HDR zokha mukapanda kuzimitsa. Mu HandBrake pitani pa Filters, pa Colorspace musankhe BT.709.

Anthu akamasuntha, m'mphepete mwawo mukuoneka timizere ngati mano a chipeso. Ndi Interlaced, yochokera ku DVD, makamera akale kapena zojambulidwa pa TV. Yatsani Decomb kapena Yadif mu HandBrake, kapena `-vf yadif` mu FFmpeg. Ngati mukuchepetsanso chithunzi, yadif itsogole: `-vf yadif,scale=-2:576`. Mukayamba n'kuchepetsa, timizereto timamatirira, sitichokanso.

Anthu atalika kapena afufuma. Mwalemba nokha manambala onse awiri a kukula, osagwirizana ndi mawonekedwe a chithunzi. Lembani imodzi, inayo muike -2. Ngati fayilo ili bwino mu VLC, vuto ndi batani la Aspect kapena Picture Size pa rimoti.

Vidiyo yagona chammbali. Foni siitembenuza chithunzi, imangolemba kachizindikiro kouza pulogalamu yoonera kuti itembenuze, ndipo ma TV ena sakawerenga. `-c copy` siithandiza apa. Ikonveteni mokwanira, FFmpeg imaiwongola yokha. Ngati wojambula anagwira foni molakwika, `-vf transpose=1` imazungulira kumanja, `transpose=2` kumanzere.

Mawu a m'munsi akuonetsa tizizindikiro tachilendo pamalo pa ŵ. Tsegulani fayilo ya mawuwo, yothera ndi .srt, mu Notepad, Save As, pa Encoding musankhe UTF-8. Dzina lake lifanane ndi la filimu, zikhale mufoda imodzi. TV ikawakanabe, awotchereni pachithunzi ndi Burn In ya mu HandBrake, podziwa kuti sadzachotsekanso.

6. Mawu ndi milomo zikasemphana

Ili ndi vuto limene anthu amataya nalo nthawi yambiri, chifukwa lili mitundu itatu ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Musanakonze, yezani.

Choyamba chotsani zosokoneza. Zimitsani sipika ya Bluetooth, imachedwetsa mawu payokha. Ngati vidiyo ndi ya 4K ndipo kompyuta ndi yofooka, chithunzi chimatsalira chifukwa makina akulemedwa, osati chifukwa fayilo yalakwika.

Kenako tsegulani mu VLC, pezani malo amene phokoso lake ndi lakuthwa: kuwomba m'manja, ng'oma ikamenyedwa, chitseko chikamenyetsedwa, kapena munthu akutseka milomo ponena "amayi" kapena "bambo". Pa Windows, batani la K limachedwetsa mawu ndi 50 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi) mukalidina kamodzi, la J limawafulumizitsa chimodzimodzi, ndipo nambala imaoneka pakona. Dinani mpaka zigwirizane, lembani nambalayo. Chitani zimenezi malo atatu: poyambira, pakati, kumapeto.

Manambala atatuwo akafanana, kusemphanako ndi kokhazikika, kosavuta. Tinene kuti mwapeza 400 ms paliponse, mawu akutsogola:

`ffmpeg -i vidiyo.mp4 -c:v copy -af "adelay=400:all=1" -c:a aac -b:a 160k yabwino.mp4`

Ngati mwapeza -400 ms, mawu akutsalira, dulani mutu wake:

`ffmpeg -i vidiyo.mp4 -c:v copy -af "atrim=start=0.4,asetpts=PTS-STARTPTS" -c:a aac -b:a 160k yabwino.mp4`

Mudzaona ena akulangiza `-itsoffset` pamodzi ndi `-c copy`. Imagwira pa kompyuta, koma imangolemba kachidziwitso m'fayilo, ndipo ma TV ena sakalabadira. Njira ziwiri za adelay ndi atrim zija zimasintha mawu enieniwo.

Manambala akamakula, poyambira 0, pakati 900, kumapeto 1800, ndiye kuti mawu ndi chithunzi zikuthamanga pa liwiro losiyana. Bwererani ku MediaInfo. Ngati Frame rate mode ikuti Variable, gwero ndi limenelo: mafoni ndi mapulogalamu ojambula sikirini amasinthasintha kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, makamaka mumdima kapena foni ikatentha, ndipo mapulogalamu ena okonvetera ndi odulira vidiyo amawerenga ngati n'kokhazikika. Bwererani ku fayilo yoyambirira, osati yokonvetedwa kale, muidutse mu HandBrake ndi Constant Framerate, kapena mu FFmpeg ndi `-fps_mode cfr -r 30`. Pa FFmpeg yakale lamulo lake ndi `-vsync cfr`. Amene mumadula ndi kulumikiza mavidiyo a pa foni, chitani zimenezi musanayambe kudula.

Ngati ikuti Constant koma zikusemphanabe mokula, kawirikawiri mawu anachokera kwina: anajambulidwa padera kuchokera ku mikisa ya kutchalitchi, kapena anatengedwa ku kope lina la filimu yomweyo. Filimu ya zithunzi 23.976 pa sekondi ndi ya 25 zimasiyana pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka pa ola. Apa mufunika masamu pang'ono. Tinene kuti pa sekondi ya 3600 mawu atsalira ndi masekondi 2. Gawani 3602 ndi 3600, mupeza 1.000556, ndipo mulembe `-af atempo=1.000556`. Akakhala kuti atsogola ndi masekondi 2, gawani 3598 ndi 3600, mupeza 0.999444. Ngati panalinso kusemphana poyambira pomwe, konzani kaye kokhazikikako, muyezenso, kenako atempo.

Mtundu wachitatu: zonse zili bwino kufika penapake, kenako zasemphana mwadzidzidzi n'kukhala choncho mpaka kumapeto. Pamenepo pali chidutswa chowonongeka kapena polumikizira. Yesani `-af aresample=async=1000`. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi ma DVD a maukwati ndi makwaya, munthu akakonveta VTS_01_1.VOB, VTS_01_2.VOB payokhapayokha n'kuzilumikiza pambuyo pake. Zidutswazo zinadulidwa potengera kukula kwa 1 GB, osati potengera chithunzi. Kopererani foda yonse ya VIDEO_TS pa kompyuta, muitsegule yonse mu HandBrake ngati chinthu chimodzi.

7. Fayilo yakula kwambiri, kapena chithunzi chaphwanyika

Kukula kwa fayilo sikudalira dzina la chotengera. Ndi bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse koyezedwa mu kbps, kuchulukitsa ndi kutalika kwa nthawi. Chithunzi cha 1500 kbps ndi mawu a 128 kbps kwa ola limodzi: 1628 kuchulukitsa ndi 3600, kugawa ndi 8, zikupereka pafupifupi 730 MB. Mutha kuwerengeranso chobwerera: vidiyo ya maola awiri kuti ikwane mu 1000 MB, zonse pamodzi zisapyole 1100 kbps, ndipo pa mlingo umenewo tsitsani chithunzi kufika 480p, chidzaoneka bwino kuposa 1080p yopanikizidwa mopyola.

Mu HandBrake, RF, nambala ya pa Video yosankhira ubwino wa chithunzi, ikakwera fayilo imachepa, ikatsika imakula. Kusuntha ndi 6 kumachepetsa pafupifupi ndi theka kapena kuwirikiza kawiri. Khalani pakati pa 20 ndi 24. Kukweza vidiyo ya 480p kukhala 1080p n'kungotaya malo, zomwe kamera sinajambule sizingabwere. Vidiyo imene yadutsa pa WhatsApp kangapo yatha kale, funsani mwini wake akutumizireni ngati Document, njira imene siipanikiza ndipo imalola mpaka 2 GB.

8. Pulogalamu ikaima kapena kutulutsa uthenga

Mu FFmpeg werengani mzere wofiira woyamba, osati womaliza. "No such file or directory": dzina lili ndi mipata ndipo simunaliike m'zizindikiro za " ", kapena muli mufoda ina. "height not divisible by 2": H.264 ya 4:2:0 imafuna manambala ogawika ndi 2, ikani -2 mu scale m'malo mwa -1. "Invalid data found when processing input": bwererani pa nambala 1. "Permission denied": mukulemba mufoda yotetezedwa, kapena fayiloyo ndi yotsegula kwina. "Unknown encoder": FFmpeg yanu ndi yoperewera, tengani yathunthu. Pokonza 3GP ya kafoni, H.263 imalandira kukula kowerengeka kokha, monga 176x144 ndi 352x288, kwina kulikonse imakana. Dzina la fayilo yotuluka lisafanane ndi la yolowa.

HandBrake ikati "No valid source or titles found", mwina DVD ndi yotetezedwa, kapena kavidiyoko sikakwana masekondi 10, malire amene mungawatsitse mu Preferences. Ikaima pakati, tsegulani Activity Log muwerenge mizere yakumapeto. Ikaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, fayilo yawonongeka pamenepo. Ikaima malo osiyanasiyana kapena laputopu n'kuzima yokha, ndi kutentha: ichotseni pabedi, pukutani fumbi potulukira mpweya, ilumikizeni ku magetsi, ndipo zimitsani Sleep. Ngati pa Video munasankha H.264 ya NVENC kapena QSV, bwererani ku x264, ndi yochedwa koma siidalira madiraiva. Onaninso kuti pa disiki pali malo, ndipo musakonvetere pa flash mwachindunji.

9. Flash yomwe

Fayilo yabwinobwino imathanso kukanidwa chifukwa cha flash. FAT32, exFAT ndi NTFS ndi mitundu ya kafomatidwe ka flash. FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4 GB, ngakhale malo atakhala ambiri, ndipo Windows imati "The file is too large for the destination file system". exFAT ndi NTFS zilibe malire amenewo, koma makina ambiri a DVD ndi ma TV akale amawerenga FAT32 yokha, ena NTFS koma osati exFAT. TV ikakhala kuti siikuona flash n'komwe, kapena ikuiona yopanda kanthu, yambani mwakayikira zimenezi. Kufomata flash kumafufuta zonse zili m'menemo, koperani kaye. Pa flash yoposa 32 GB, Windows kawirikawiri siikupatsani FAT32 pa mndandanda wake, ndiye ya DVD ndi bwino ikhale ya 16 kapena 32 GB.

Ngati muyenera kukhala pa FAT32 ndipo filimu ndi yaikulu, iduleni popanda kuikonveta:

`ffmpeg -i filimu.mp4 -c copy -f segment -segment_time 3600 -reset_timestamps 1 gawo%02d.mp4`

Mupeza gawo00.mp4, gawo01.mp4 ndi zotsatira, lililonse pafupifupi ola limodzi. Za makina a DVD, AVI iliyonse isapyole 2 GB, mayina akhale aafupi opanda zizindikiro zachilendo, ndipo musaikwirire m'mafoda ambirimbiri. Hadi disiki yakunja ikamalira "tiki tiki" pa TV osatseguka, polowetsapo sipakutulutsa mphamvu yokwanira: yesani polowetsa polembedwa HDD ngati palipo, apo ayi samutsirani filimuyo pa flash. Mukamaliza kukopera, dinani Eject mudikire uthenga musanazule, chifukwa kabokosi kokopera kamatha kutsekeka pomwe zomalizira zikadalembedwa.